Abdul Kalam pa asembule ya Lolemba

Nabanda:
Mwaswera bwanji nonse pa gulu pano? Ndabwera ndi pempho. Lolemba likubwerali ndine wolankhula pa asembule, ndipo ahedi akuti ndisankhe munthu mmodzi wa sayansi woti ana atengerepo phunziro. Newton ndi chipatso chake chogwa mumtengo ana anatopa naye kale. Ndaganiza za Abdul Kalam wa ku India, chifukwa mtsikana wina wa Fomu 3 anandionetsa chithunzi chake pa foni ya amayi ake n'kundifunsa kuti agogo a tsitsi loyerawa ndi ndani. Chomwe ndikudziwa n'choti ankapanga maroketi ndi mizinga, anakhala pulezidenti kuyambira 2002 mpaka 2007, n'kumwalira mu 2015. Koma ana ataima padzuwa sungawawerengere zaka zokhazokha. Ndili ndi mphindi 7 basi. Ndiwauze chiyani?

Yamikani (Chennai):
Madamu, mwagogoda pakhomo poyenera. Ine chino n'chaka changa chachitatu kuno ku Tamil Nadu, kwawo kwenikweni kwa mkuluyu. Nkhope yake ili paliponse: m'makalasi, m'mashopu a foni, ngakhale kumbuyo kwa tigalimoto ta mawilo atatu timene amatitcha auto. Tchuthi chathachi tinapita ndi anzanga ku Rameswaram komwe anabadwira pa 15 Okutobala 1931. Ndi tauni ya pachilumba cha Pamban, moyang'anana ndi Sri Lanka. Umawoloka nyanja pa mlatho wautali, pansi mabwato a asodzi ali mbwee, fungo la nsomba zouma ngati uli ku Msaka kapena ku Makawa. Nyumba yawo ili mumsewu wopapatiza pafupi ndi mzikiti, pano anaisandutsa malo osungirako zinthu zake.

Nkhani yomwe ana angaikonde ndi ya nyuzipepala. Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse sitima inasiya kuima pa siteshoni yawo, ndiye mitolo ya nyuzipepala ankangoiponya sitima ikuyenda. Msuweni wake, Samsuddin, ndiye anali ndi bizinesiyo, ndipo anafuna mnyamata wothamanga woti aziwakha mitoloyo n'kukagawa m'tauni. Ndalama yoyamba ya Kalam inachokera pamenepo.

Che Jafali:
Assalamu alaikum nonse. Aphunzitsi, musaiwale kutchula bambo ake, Jainulabdeen. Anali imamu wa mzikiti, komanso anali ndi boti lonyamula Ahindu opita kukapemphera ku Dhanushkodi, kunsonga kwa chilumbacho. Taganizirani, imamu kumadya za ulendo wa anthu a chipembedzo china, ndipo mnzake wa pamtima anali wansembe wamkulu wa kachisi wa Ahindu, Pakshi Lakshmana Sastry. Mwana wokulira pakhomo lotere sadabwitsa kuti atakula ankawerenga Qur'an komanso Bhagavad Gita, buku lopatulika la Ahindu. Ife kuno ku Mangochi timazidziwa izi, mu boti simufunsana za chipembedzo mwera ukayamba. Ndiye dzina lake lonse muwauze bwino: Avul Pakir Jainulabdeen Abdul Kalam. Ana athu achisilamu amve kuti dzina ngati lawo linafika kunyumba ya boma ku Delhi.

aPhiri a ku Joni:
Ine ndiye ndikhala wowononga phwando, mundikhululukire. Mukufuna kuimika pamaso pa ana munthu amene kwawo amamutcha bambo wa mizinga? Kuyambira 1983 iyeyu ndiye ankatsogolera ntchito ya boma yopanga mizinga ya Prithvi, Agni, Akash, Trishul ndi Nag. Zimenezo si mbaula zophikira, ndi zida zophera anthu. Mu Meyi 1998, pa 11 ndi pa 13, India inaphulitsa mabomba 5 a nyukiliya pansi pa chipululu ku Pokhran, iye ali pakati pa otsogolera limodzi ndi wasayansi mnzake R. Chidambaram. Pasanathe masabata atatu Pakistan nayo inaphulitsa ake ku Chagai. Kuyambira pamenepo mayiko awiri oyandikana, onse odzaza ndi amphawi, akhala akulozerana mabomba. Nanga phunziro lake kwa mwana wa Fomu 1 ndi lotani pamenepa?

Che Jafali:
aPhiri, mwana wa mnzako akanyamula chibonga nawe sugona manja lende. China inaphulitsa lake mu 1964, patangopita zaka ziwiri itamenyana ndi India. Amwenye ankaona kuti wofooka samvedwa.

aPhiri a ku Joni:
Mawu amenewo ndi omwenso a Pakistan ananena, Che Jafali. Aliyense wosula mkondo amati akudziteteza.

Nankhoma:
Ndilowepo pang'ono, ndangoweruka ku naiti. aPhiri sakunama, koma pali mbali ina imene ife a zachipatala timaidziwa. Ku Hyderabad, madokotala anamuonetsa ana opuwala ndi poliyo akukoka zitsulo zoyendera zolemera makilogalamu pafupifupi 3. Anyamata ake a ku mizinga anatenga zipangizo zopepuka zomwe ankagwiritsa ntchito kumeneko n'kupanga zoyendera zosafika ndi theka la kilogalamu lomwe. Amene munaonapo mwana akukweza mwendo wa chitsulo pa sitepe mukudziwa tanthauzo lake. Anagwiranso ntchito ndi dokotala wa mtima, Soma Raju, kupanga kachubu kotsegula mtsempha wa mtima kotsika mtengo, mpaka kanatchedwa Kalam-Raju. Sindikuti zimenezi zikufafaniza bomba ayi. Ndikungoti manja ake anagwira zonse ziwiri.

Gogo Mbewe:
Ana inu, ndawerenga zonse mwalembazi ndili phee, magalasi ali pamphuno. Mayi Nabanda, mukandimvera ine nkhalamba, nkhani ya nyuzipepala muitchule mongodutsa. Ana athu kugulitsa mandasi ndi zitumbuwa akukudziwa kale, ena abwera ku asembuleko atatunga madzi maulendo atatu. Mukawauza kuti wosauka akalimbikira amakhala pulezidenti, mwana wanzeru adzayang'ana amalume ake omwe alimbikira zaka 40 ndipo alibe ndi njinga yomwe. Nkhani yoti muwauze ndi ya pa 10 Ogasiti 1979.

Tsiku limenelo Kalam anali mkulu wa ntchito ya roketi yotchedwa SLV-3, yoyamba yomwe India inafuna kuponyera setilaiti yakeyake mumlengalenga. Anthu anali ataigwirira ntchito zaka zambiri. Malo ake ndi Sriharikota, m'mphepete mwa nyanja kumpoto kwa Chennai komwe kuli mdzukulu wathu Yamikaniyu. Kalam mwini ankafotokoza kawirikawiri kuti itatsala pang'ono kunyamuka, kompyuta inaimitsa kuwerenga chifukwa inaona vuto. Akatswiri ake atawerengetsera anati zitheka ndithu, ndipo iye monga mkulu analamula kuti ipite. Gawo loyamba linayaka bwino. Gawo lachiwiri linasokonekera, ndipo patangotha mphindi 5 chinthu chonse chinali chitagwera m'nyanja ya Bay of Bengal. Ndalama za boma, thukuta la anthu, zonse phuvu.

Atolankhani anali akudikira. Wapampando wa ISRO, bungwe la India loona za mumlengalenga, nthawi imeneyo anali Satish Dhawan. Bamboyu anamutenga Kalam, n'kukakhala naye pamaso pa atolankhani, koma wolankhula anali iye Dhawan. Anavomera kuti alephera, nati ali ndi chikhulupiriro mwa anyamata akewo ndipo ulendo wotsatira zidzatheka. Mivi yonse inalasa iye. Pa 18 Julayi 1980 anaponyanso, setilaiti ya Rohini ya makilogalamu 35 inakalowa m'njira yake. Tsiku limenelo Dhawan anauza Kalam kuti apite yekha akalankhule ndi atolankhani.

Ndikuuzeni chifukwa chake nkhaniyi imandikhudza. Ndili mnyamata m'boma, tinamanga kamlatho pa kamtsinje kena. Ndinalemba kalata kawiri kuti simenti yomwe yabwera ndi yochepa ndipo mapaipi ndi aang'ono. Abwana anandiyankha pakamwa kuti ndisiye maphunziro ambiri, ndimange. Mvula yoyamba ya Disembala kamlatho kanapita. Pobwera akuluakulu kudzaona, abwana aja anandiloza ndi kiyi wa galimoto, nati mnyamata uyu ndiye anali pamalo. Makalata anga aja mu faelo munalibe. Ndinakhala zaka 6 osakwezedwa, ndipo kuyambira pamenepo sindinayesenso chinthu chatsopano pa ntchito. Ndinaphunzira kusaina zokhazo zomwe wina wasaina kale. Akanakhala Dhawan ngati abwana anga aja, dzina la Kalam palibe akanalimva, akanathera mu ofesi ina ya kuseri akuwerengera masiku a penshoni.

Nabanda:
Agogo, mwandilasa. Ndawerenga kawiri. Pepani ndi za kamlatho.

Yamikani (Chennai):
Agogo anena zoona, ndipo mukayang'ana bwino, moyo wake wonse uli ndi anthu otere. Atapeza malo ku Madras Institute of Technology kukaphunzira za ndege, pakhomo panalibe ndalama ya fizi. Mlongo wake Zohara anapinyolitsa zibangili zake zagolide ndi tcheni. Kwa mkazi wa kuno zibangili ndiye banki yake, sachotsa wamba. Asanafike kumeneko anali atamaliza digiri ya fizikisi ku St Joseph's College ku Tiruchirappalli mu 1954. Komanso loto lake lenileni silinali roketi ayi, ankafuna kuulutsa ndege zankhondo. Pa mayeso ake anakhala nambala 9, malo anali 8. Anabwerako ali wosweka mtima n'kukalowa ntchito ya uinjiniya ku nthambi ya zachitetezo. Ndege yankhondo anadzaikwera ali pulezidenti mu 2006, Sukhoi-30, ali ndi zaka 74.

Tembo wa ku Chipata:
Nambala 9 pa malo 8! Ameneyo ndi m'bale wathu ndithu, ife a pa waiting list. Koma ndikufuna ndiponyepo ya kwathu kuno ku Zambia. Mu 1964, chaka cha ufulu wathu, kunali mphunzitsi wa sayansi Edward Makuka Nkoloso yemwe analengeza kuti Zambia ipita kumwezi ndi ku Mars. Ankaphunzitsa achinyamata ake powalowetsa mu mgolo n'kuwagubuduza pa chitunda. Anapempha ndalama ku UNESCO, sizinabwere, dziko lonse linaseka. Tsono onani: chaka chimodzi m'mbuyo mwake, pa 21 Novembala 1963, Amwenye anaponya roketi yawo yoyamba ku Thumba, mudzi wa asodzi ku Kerala. Roketiyo inali ya ku America, Nike-Apache, yongoyezera mpweya wa kumwamba. Ofesi yawo inali tchalitchi cha Katolika cha Mary Magdalene, chomwe bishopu ndi akhristu ake anapereka, asodzi n'kusamuka. Pali zithunzi zoonetsa zigawo za roketi zitanyamulidwa pa njinga yakapalasa. Kalam anali m'gulu la anyamata amenewo. Ukaika zithunzi ziwirizi pamodzi, mgolo wa Nkoloso ndi njinga ya ku Thumba, kusauka kwake n'kofanana. Kusiyana n'koti kumbuyo kwa njinga ija kunali akatswiri a sayansi Vikram Sarabhai ndi Homi Bhabha, komanso boma la nduna yaikulu Nehru lomwe linkaika ndalama chaka ndi chaka, n'kumatumiza anyamata ngati Kalam kukaphunzira ku NASA, bungwe la America loona za mumlengalenga. Kumbuyo kwa mgolo kunalibe aliyense. Mu Ogasiti 2023 chombo cha India, Chandrayaan-3, chinatera pamwezi. Ife mgolo uja tinaphikira kachasu.

Nankhoma:
aTembo mwandiseketsa ndili ndekha m'basi, azungu akundiyang'ana.

aPhiri a ku Joni:
Ya Dhawan ndaivomera, ndi nkhani yabwino. Koma tisamupake mafuta mopitirira. Choyamba, Madamu muwauze ana kuti pulezidenti wa ku India si ngati wa kwathu. Mphamvu zili ndi nduna yaikulu. Pulezidenti savoteredwa ndi anthu wamba, amasankhidwa ndi aphungu a nyumba ya malamulo ndi a m'zigawo. Ndiye Kalam sanachite kampeni pa lole, sanagawe zitenje. Anachita kutengedwa ndi boma la Vajpayee la chipani cha BJP mu 2002, miyezi yochepa chichitikire zipolowe za ku Gujarat komwe anthu oposa 1,000 anaphedwa, ambiri mwa iwo Asilamu. Inu simukuona kuti kuika Msilamu wotchuka pa mpando nthawi imeneyo kunali kusamba m'manja? Amene anapikisana naye, mayi Lakshmi Sahgal, anali womenyera ufulu weniweni, koma zipani zikuluzikulu zonse, ndi Congress yomwe, zinali kwa Kalam.

Chachiwiri, mu Meyi 2005 ali pa ulendo ku Moscow anasaina usiku chikalata chothetsa nyumba ya malamulo ya chigawo cha Bihar, ndipo khoti lalikulu linadzagamula kuti kuthetsako kunali kosemphana ndi malamulo. Chachitatu, mapempho ambiri a anthu oweruzidwa kuti anyongedwe anangowasiya pa tebulo mpaka anachoka. Ndiye atapuma, mu 2011, anakaima kumbali ya malo opangira magetsi a nyukiliya ku Kudankulam pamene asodzi a m'dera lomwelo ankakana. Mwana wa mwini boti ameneyo.

Che Jafali:
Zoti anamugwiritsa ntchito, mwina. Koma atangolumbira anapita ku Gujarat komweko mu Ogasiti 2002 kukaona anthu m'misasa, pamene ena ankafuna kuti asapite. Ndipo sanali Msilamu woyamba pa mpandowo, Zakir Husain ndi Fakhruddin Ali Ahmed anakhalapo kale. Za onyongedwazo, ine ndimaona ngati munthuyo dzanja linkamulemera kusaina imfa ya mnzake. Pempho limodzi lokha lodziwika analikana, la Dhananjoy Chatterjee, yemwe ananyongedwa mu 2004.

Gogo Mbewe:
aPhiri, ya Bihar ija analakwitsa, palibe kuzungulira. Koma onjezanipo ya 2006. Aphungu anapanga bilu yodziteteza okha kuti azitha kukhala ndi maudindo ena a malipiro uku ali aphungu. Kalam anaibweza osasaina kuti akaionenso. Iwo anaitumizanso momwemo, ndipo malamulo a kumeneko amati ikabwera kachiwiri pulezidenti asaine basi. Anasaina. Ena amati n'chifukwa chake andale sanamufune kachiwiri mu 2007. Ndodo yomwe anali nayo inali yaifupi, koma tsiku limenelo anaikweza.

Chinanso chondiwawa ine ndi ichi. Mu 1998 Kalam ndi mnzake Y. S. Rajan anatulutsa buku la masomphenya akuti India ikhale dziko lotukuka pofika 2020. Chaka chomwecho ife kuno tinakhazikitsa Vision 2020 yathu, ndinali nawo pa misonkhano ina ya m'maboma, tinadya ma alawansi. 2020 inafika, India sinakhale dziko lotukuka monga ankanenera, amphawi akadali miyandamiyanda. Ife ndiye musafunse, tinangosintha chikuto n'kulemba 2063. Choncho Madamu, mawu akuti masomphenya muwagwire mosamala, ana asamayese kuti kulota n'kumanga.

Tembo wa ku Chipata:
Koma pali chimodzi chomwe anatiganizira ife a kuno. Mu Sepitembala 2004 analankhula ku nyumba ya malamulo ya Africa yonse, kwanu ku Joni komweko aPhiri, n'kupereka ganizo lolumikiza mayiko a mu Africa ndi mayunivesite ndi zipatala za ku India kudzera pa setilaiti ndi intaneti. Inadzayamba mu 2009 ndi dzina loti Pan-African e-Network, ndipo Malawi ndi Zambia anali momwemo. Alipo anthu anatenga madigiri a ku India atakhala m'kalasi kwawo konkuno, mphunzitsi akuoneka pa sikirini.

aPhiri a ku Joni:
Imeneyo ndi ndale ya India yofuna mabwenzi ndi misika mu Africa, China isadye yokha. Koma chabwino, digiri ndi digiri.

Nabanda:
Funso lina. Pa Facebook ndapeza mawu ambiri okoma olembedwa pansi pa chithunzi chake, komanso akuti bungwe la United Nations linakhazikitsa tsiku lake lobadwa kukhala tsiku la ophunzira pa dziko lonse. Ndiikemo?

Yamikani (Chennai):
Ayi Madamu, chonde. Ya United Nations ija ndi mphekesera yomwe inafala mpaka m'manyuzipepala. Pa kalendala yawo 15 Okutobala ndi tsiku la amayi akumudzi. Mawu a pa zithunzi aja ambiri ndi ongomupachika, aliyense wofuna ma like amalemba zake n'kuika nkhope ya Kalam. Mnzanga wina wa m'kalasi amati mkuluyu walankhula zambiri atamwalira kuposa ali moyo. Mukafuna zake zenizeni pezani buku la mbiri yake, Wings of Fire, lomwe analemba ndi Arun Tiwari mu 1999. Nkhani ya nyuzipepala ndi ya zibangili zili mmenemo.

Nankhoma:
15 Okutobala kwathu ndi tsiku la anakubala! Ndiye mutha kuwauza ana kuti akamapatsa amayi awo chitenje azikumbukiranso mlongo wa zibangili uja.

Che Jafali:
Za imfa yake munene, aphunzitsi, chifukwa inuyo ikukukhudzani. Atachoka pa mpando sanakakhale pa khonde kudikira alendo. Anabwerera ku choko. Pa 27 Julayi 2015 anali ku Shillong, kumapiri a kumpoto chakum'mawa kwa India, akuphunzitsa ophunzira a pa sukulu ya zamabizinesi ya IIM. Atangolankhula mphindi zochepa anagwa, mtima unaima. Zaka 83. Anakamuika kwawo ku Rameswaram pa 30 Julayi, anthu mazanamazana a masauzande anabwera, a zipembedzo zonse. Sanakwatirepo, analibe mwana, nyama sankadya. Chuma chomwe anthu amatchula ndi mabuku ake ndi veena, choimbira cha zingwe chomwe ankakonda kuliza.

Yamikani (Chennai):
Kumanda kwakeko, ku Pei Karumbu, ndinafikako. Boma linamanga chikumbutso chomwe anatsegula mu 2017. Nsapato umavula panja, mchenga ukuotcha mapazi. Tsiku lomwe tinapita kunali mabasi a ana a sukulu, atsikana atamanga maliboni m'tsitsi, aphunzitsi akukuwa kuti akhale pa mzere. Mkati muli chifanizo chake atakhala pansi akuliza veena. Pomwepo panabuka mkangano potsegulira, chifukwa pambali pa chifanizocho anasemapo Bhagavad Gita yokha, mpaka achibale ake anabweretsa Qur'an ndi Baibulo. Ngakhale atagona, andale akumukokerabe uku ndi uku. Chilumba chomwe amayeserako mizinga ku chigawo cha Odisha, chomwe chinkatchedwa Wheeler, pano ndi Abdul Kalam Island. Ndiye aPhiri musadandaule, mizinga ija sanaibise, ili pa dzina lake.

aPhiri a ku Joni:
Ine pempho langa ndi limodzi, Madamu. Mawu akuti bomba atuluke pakamwa panu Lolembalo, ngakhale kamodzi. Ana adziwe kuti sayansi yomweyo imapepuza mwendo wa mwana wa poliyo ndi yomwe inagwedeza Pokhran. Akasankhe okha akakula.

Nabanda:
Ndamva nonse. Ndiyamba ndi sitima yoponya nyuzipepala kuti atchere khutu, kenako nambala 9, kenako roketi yogwera m'nyanja ndi Dhawan. Bomba nditchula, aPhiri, ndalonjeza. Agogo, kodi ndingafotokoze ya kamlatho kanu osatchula dzina?

Gogo Mbewe:
Fotokozani mwanangu. Abwana aja anapita kale kuli chete, ndipo pamalopo anamangapo kena.

Nabanda:
Ndabwera ndi lipoti. Mphindi 7 zija zinakhala 15, ahedi akungoyang'ana wotchi. Pa nambala 9 ana anafuula kuti eee ngati tili ku mpira. Pa roketi yogwa anaseka, koma nditafika poti Dhawan anakhala kutsogolo n'kusenza mlandu, kunangoti zii, ndi aphunzitsi anzanga omwe anasiya kunong'onezana kumbuyo kuja. Ya kamlatho ndinaifupikitsa. Nditatchula bomba mnyamata wina wa Fomu 2 anaomba m'manja yekha, ndiye aPhiri ntchito ikadalipo.

Nditati pali funso, mtsikana wa foni uja anakweza dzanja. Anati, Madamu, ndiye kuti zotsatira za MSCE zikadzatuluka zoipa chaka chino, ahedi ndi amene adzaime pamaso pa makolo, koma zikadzakhala zabwino mudzaime ndinu aphunzitsi? Ana onse anatembenukira kwa ahedi. Iwo anatsokomola kawiri, n'kuuza ma prefect kuti ayambitse nyimbo ya fuko.

Tembo wa ku Chipata:
Mwana ameneyo mumusunge bwino, asakalowe mu mgolo.

Gogo Mbewe:
Mayi Nabanda, nanga inuyo ahedi akuyankhulitsani kuchokera m'mawa?

Nabanda:
Andiitana ku ofesi 2 koloko, agogo. Ndikuuzani ndikatulukako.